Njinga Imene Sinkayenda pa Mchenga

Ndinakhala zaka zinayi ndi miyezi pa mpando wakumbuyo wa njinga yamoto. Matauni amene tinadutsa sindingawatchule mayina. Iliyonse inali ndi mtengo umodzi wa mthunzi, munthu wogulitsa petulo m'mabotolo, ndi chigayo chimene chinafa dzulo lake. Mwina anali matauni makumi atatu. Mwina inali tauni imodzi imene inkangosintha malaya.

Njingayo inali ya amuna anga, a Gelesomu, amene ntchito yawo inali yokonza zigayo. Anabwera nayo kuchokera ku Joni. Sinali ngati tinjinga ta kabaza tolira ngati udzudzu. Inali yaitali, yofiirira ngati chiwindi, yolemera ngati matumba asanu ndi limodzi a chimanga. Injini yake inabisika m'malaya a pulasitiki. Kutsogolo kunali galasi lalitali lotchinga mphepo, lokwera ndi kutsika ukadina batani. M'mbali munali mabokosi awiri okiya, ndipo lachitatu linali kumbuyo, loti wokwera azitsamira. Amene anaipanga ankafuna zinthu ziwiri pa njinga imodzi: izithamanga ngati ya mpikisano, komanso munthu azikhalapo tsiku lonse msana osadandaula. Zonse ziwiri anazikwanitsa. Kwathu kokha ndiko sanakuganizire.

Kwathu kuli kumapeto kwa msewu wa mchenga. Kuchoka pa mphambano pamene msewuwo umasiyana ndi tala, wapansi amanyamuka m'mawa n'kukafika dzuwa lili pamutu. A Gelesomu pobwera kudzandipempha, njinga anaisiya pa golosale ya pamphambano n'kulowa wapansi. Kwathu mwamuna ndiye amasamukira kwa mkazi, ndipo wofuna kuchoka ndi mkazi amachita kupempha kwa malume ake. Malume anga, a Sandalamu, anamvetsera uku akusema mpini.

"Mutengeni," anatero. "Koma mwabwereka, simunagule." Kenako anandiloza ndi mpiniwo. "Iwe, munda wa mayi ako ndikusungira madzinja anayi. Mvula yachisanu ikadzagwa khasu lako lisanalowemo, ndipatsa Dolika. Munda sudya malonjezo."

Dolika ndi mng'ono wanga, mwana wa mayi aang'ono. Tsikulo anali pakhonde akusenda chinangwa. Mutu sanadzutse, koma mpeni unaima.

"Ndibwera yachiwiri isanagwe n'komwe," ndinatero. Pakamwa ndinali napo kuyambira kale.

Ndinatenga zitenje ziwiri, chiphaso changa, ndi khasu la malemu mayi nditaligulula mpini. Pa mphambano a Gelesomu anaika zonsezo m'bokosi la kumanzere n'kukiya. Njingayo inali ndi kiyi mmodzi yekha. Yemweyo ankalizira injini, yemweyo ankatsegula thanki, mpando, mabokosi, ndi kumasula handulo. Ankakhala pa chingwe m'khosi mwawo, pansi pa malaya.

Mpando wakumbuyo unali wokwera kuposa wakutsogolo, ngati khonde la nyumba ya njerwa. Kutsogolo kwanga kunali msana wawo, kumbuyo bokosi, kumanja bokosi, kumanzere bokosi. Mapazi ankaponda pa tizitsulo, kutali ndi nthaka. Pamenepo munthu sangagwe ngakhale atagona tulo, ndiponso sangatsike mpaka woyendetsa ataima, kuponda pansi mapazi onse awiri, n'kunena kuti tsikani. Kumutu ndinkavala chisoti chotseka nkhope yonse. Ukalankhula m'menemo umadzimva wekha.

Musandimvere chisoni. Mpandowo unali wofewa kuposa chilichonse chimene ndinakhalapo chibadwire. Mphepo inkagunda galasi lija n'kudutsa pamwamba pathu, ife tili m'kachisa ka bata, mitengo ikugwera kumbuyo. Mwezi wa chisanu zogwirira za handulo zinkatentha zokha, ndipo a Gelesomu tikaima ankandilola kufunditsa manja. Khola lofewa ndi lovuta kulida.

Njinga imeneyo inkaimitsidwa ndi zinthu zitatu zokha: petulo akatha, chigayo chikafa, ndi masamba a maliro. A Gelesomu anali munthu waulemu. Tikapeza masamba atayalidwa modutsa msewu, ankazimitsa injini, kuvula chisoti, tonse n'kutsika. Tinkakankha, iwo ku handulo ine kumbuyo, mpaka titadutsa masamba achiwiri. Kiyi ankamusiya pa njinga, chifukwa ukamuzula handulo imauma. Ndinaona zimenezo, n'kuzisunga.

Petulo ndiye sankatha msanga. Thankiyo inali mimba ya ng'ombe, malita makumi awiri ndi asanu. Ukaidzaza m'mawa, dzuwa limapendeka usanaganize za ina. Mphambano ya kwathu inali pakati penipeni pa malo awiri omwetsera, choncho panalibe chotiimitsa. Tinkaidutsa nthawi imene munthu amameza malovu. Ndinkangoona golosale ya chitseko chobiriwira, mayi wogulitsa tomato, ndi msewu wa mchenga woyera ngati mchere ukulowa m'tchire.

Ulendo woyamba ndinawagogoda pamsana. Anagwedeza mutu n'kuwonjezera moto, poganiza kuti ndikuyamikira liwiro. Titaima kutali ndinawafunsa.

"Njinga iyi siyenda pa mchenga, mayi," anatero.

"Muisiye pa golosale ngati kale."

"Kale inali isanadziwike. Lero titha kupeza atachotsa magalasi. Timalize chigayo chimenechi kaye."

Zigayo zambiri zinali m'midzi, kutali ndi tala. Tikafika m'tauni ankasankha mtengo wa mthunzi, n'kuikweza njinga pa sitandi yapakati, yamiyendo iwiri, mpaka tayala lakumbuyo litasiya nthaka. Ankatenga chikwama cha masipanala, kukiya zonse, n'kuitana kabaza.

"Mulondere njinga, ndikubwera."

Nthawi zina ankabwera mawa lake. Nthawi zina mwezi unkasintha nkhope ndikadali pansi pa mtengowo, ndikugona kwa mayi aliyense amene khomo lake linayang'ana njinga. Anthu anasiya kufunsa dzina langa. Ndinali mayi a njinga.

Kamodzi ndinayesa kuchoka. Ndinafika mpaka pokwerera minibasi, phazi limodzi lili kale m'kati. Ndiye ndinadziona ndikulowa m'mudzi wapansi, wopanda khasu la mayi, wopanda chiphaso, Dolika akusenda chinangwa chake osadzutsa mutu. Nditacheuka ndinaona ana atayamba kale kudziyang'anira pa magalasi a njinga. Ndinatsitsa phazi. Palibe amene anandimanga tsiku limenelo.

M'tauni ya matayala munali a Jailosi, munthu wa diso limodzi amene ankamata machubu pansi pa mtengo womwewo. Anayamba ndi kundituma madzi oyesera pobooka, kenako anandipatsa chitsulo chotsegulira tayala. Tsiku lina anagwada pa njinga yathu, n'kusisita tayala lakumbuyo ngati akugula mbuzi.

"Mwaliona, mayi? Lotambalala, losalala, mizere yochepa. Ili analipangira kugwira tala pokhota, njinga itapendeka bondo likufuna kukhudza pansi. Mano lilibe. Pa mchenga lili ngati nkhalamba pa chimanga chokazinga."

"Ndiye siingayende?"

"Ndanena kuti siingayende? Nkhalamba chimanga imadya, kungoti imayamba yaviika." Anaseka yekha. "Muchotse mpweya mpaka tayala lichite mimba. Muchotse mabokosi. Giya yachiwiri, moto osachepetsa. Handulo ikamavina muisiye ivine. Maso kutali, osati pa tayala. Mukangochita mantha n'kutseka moto, tayala lakutsogolo limakumba manda."

Anandiuzanso za mabuleki. Njingayo inali ndi mabuleki oganiza okha: tayala likafuna kutsetsereka, amalisiya n'kuligwiranso, kambirimbiri, mwachangu kuposa dzanja la munthu. Pa tala yonyowa amapulumutsa moyo. Pa mchenga tayala limatsetsereka nthawi zonse, ndiye mabulekiwo amangosiya, iwe ukupita ku mtengo.

"Nzeru zake zili pansi pa mpando," anatero a Jailosi. "Kafyuzi kakang'ono ngati chikhadabo. Mukakazula, mabuleki amapusa n'kuyamba kumvera."

A Jailosi anali ndi kanjinga kawo ka kabaza kopanda nyale. Masana kukakhala zii ankandibwereka, ndizikazungulira pa bwalo la mpira. Sindinavutike kwambiri. Mpando wokwera uja unali ndi ubwino umodzi: ndinkaona pamwamba pa phewa la a Gelesomu. Kilachi, moto, phazi la giya, zonse ndinali nditaziloweza ngati nyimbo ya ku Sande sukulu, kungoti ndinali ndisanaiimbepo.

Dzinja loyamba linatipeza kumeneko. Titadutsanso pa mphambano, chitseko cha golosale chinali chachikasu. Mayi wa tomato anali yemwe uja, tomato yemwe uja.

Dzinja lachiwiri tinali m'tauni ya mlatho. Kumeneko ndinali ndi pakati, ndipo mimbayo inachoka ili ndi miyezi inayi. A Gelesomu anakhala nane masiku atatu osagwira sipanala, anandiphikira phala, analira kuposa ine. Tsiku lachinayi chigayo china chinafa. Ndikukwera ndinawerenga mipando ya njinga: inali iwiri. Ndinawerenganso, inali iwiri. Ndikanalankhula, chisoti chikanameza mawuwo.

M'tauni ya fodya dzuwa linang'amba chikopa cha mpando wakutsogolo. A Gelesomu anautsegula ndi kiyi, n'kuupereka kwa mayi Nabiyeni, amene ankasoka mipando ya minibasi kuseri kwa msika. Iwo anapita ku chigayo. Ine ndinayamba ndasuzumira pansi pomwe panali mpandowo, ndinakaona kafyuzi kaja, kenako ndinapita kukathandiza kumatula chikopa.

Mayi Nabiyeni anali wamfupi ngati ine, wonenepa, wosunga mapini pakamwa. Anayeza siponji ndi chikhatho.

"Mpando uwu anaupangira mwamuna wa miyendo ya kakowa. Inu mukakhalapo mumafika pansi?"

"Ndi chala chachikulu chokha. Mbali imodzi."

"Mumayesa liti?"

"Akachoka."

Anatulutsa mapini pakamwa, n'kundiyang'ana nthawi yaitali. Kenako anandipatsa mpeni wodulira buledi.

"Osadula pamwamba pokha ayi. Sengani m'mbali, pomwe pamadutsa ntchafu. Mpando ukachepa m'mbali miyendo imatsika yowongoka. Koma pang'onopang'ono. Mwamuna sazindikira chala chimodzi, amazindikira dzanja."

Ndinasenga chala chimodzi. Ulusi umene tinasokera unali wofooka mwadala, ndipo patapita miyezi mpando unang'ambikanso, m'tauni ina ya fodya, kumene kunalinso mayi wosoka kuseri kwa msika, wosunga mapini pakamwa. Dzina lake silinali Nabiyeni, koma mpeni unali womwewo. Ndinasenga chala china. Nditasenga chachitatu, a Gelesomu anayamba kudandaula mawondo.

"Mayi, kodi munthu amatalika atakula?"

"Amatero ena. Ndi nyemba."

Pa mphambano chaka chimenecho ndinaona Dolika. Anaima pafupi ndi mayi wa tomato, mwana kumsana, khasu paphewa. Nkhope yanga sakanaiona m'chisoti, koma njinga ankaidziwa. Sanakweze dzanja. Anangosamutsa khasu kuchoka phewa lina kupita lina, ife n'kudutsa.

Dzinja lachitatu ndi lachinayi ndimawasokoneza. Ndimakumbuka mvula ikutsetsereka pa galasi chokwera m'malo motsika, ife osanyowa kupatula nsonga za nsapato. Ndimakumbuka wotchi ya pa njinga imene inkanena nthawi ya dziko lina, ndi manambala a mtunda amene ankangochuluka osatifikitsa kulikonse. Ndimakumbuka kuti ndinasiya kuwagogoda pamsana.

M'tauni ya chigayo chachikulu njinga inagwa. A Gelesomu anali ku mudzi wina, mvula inafewetsa nthaka, mwendo umodzi wa sitandi unamira, ndipo chinyama chija chinagona chammbali mwakachetechete. Ndinachikoka ndi manja mpaka m'maso munachita mdima. Sichinasunthe. Azimayi atatu onyamula matumba pa chigayo anaima kundionerera.

"Mukulimbana nayo maso ndi maso ngati mwamuna," anatero wamkulu wa iwo, amene tsitsi lake linayera ndi ufa. "Ifulatireni."

"Ndiifulatire?"

"Thumba simumalinyamula ndi manja. Ikani matako pa mpandopo. Khalani pansi ngati mukusamba. Dzanja ili ku handulo, ili ku chitsulo cha kumbuyo. Tsopano musanyamule, muzingoyenda chobwerera. Timasitepe ta nkhuku."

Ndinayenda chobwerera. Matumba asanu ndi limodzi anadzuka kumsana kwanga. Azimayiwo sanaombe m'manja. Wamkulu uja anaponda njinga ndi phazi, anzake akuigwirizira, n'kuigonekanso pansi.

"Bwerezani. Kamodzi ndi ngozi."

Ndinabwereza kasanu. Pulasitiki ya kumanja inakalika, ndipo a Gelesomu atabwera ndinati ndi mbuzi.

Kenako inafika miyezi yotentha ya chaka chomaliza. Mitengo inaphuka masamba ofiira, nyenje zikulira, mitambo ikusonkhana masana n'kubalalika madzulo. M'minda ya m'mbali mwa tala anthu anali akuunda mizere. Ndinawauza a Gelesomu kuti mvula ikubwerayi ndi yachisanu.

"Yachinayi, mayi."

"Yachisanu."

"Malume anu ndi munthu womva. Timalize chigayo chimenechi kaye."

Chigayocho chinali kutsidya kwa mphambano. Tinadzaza thanki m'mawa. Ndinakhala pa mpando wanga, bokosi kumbuyo, bokosi uku, bokosi uku, ndipo ndinatseka maso kuti ndisaone msewu woyera uja. Ndiye ndinamva injini ikutsika mawu, giya ndi giya, mpaka inazima. Nditatsegula maso, masamba aawisi anali atayalidwa modutsa tala.

"Tsikani," anatero a Gelesomu.

Tinavula zisoti, n'kuyamba kukankha. Chitseko cha golosale chinali chobiriwiranso. Pakhonde pake panali bokosi la maliro lokutidwa ndi bulangete, ndipo mozungulira panakhala azimayi asanu ndi amuna awiri okalamba. Mayi wa tomato anali atavundikira tomato wake. Mmodzi mwa azimayiwo anadzuka. Anali Dolika, atawonda, maso ali gwa.

"Achemwali," anatero. "Mwabwera kudzalira, kapena kudzaona munda?"

"Wamwalira ndani?"

"Malume. Milungu isanu ndinali nawo ku chipatala. Ankakufunsani mpaka anasiya."

Ndinagwada pa bokosilo. Misozi sinabwere nthawi yomweyo, ndipo sindinaikakamize. Mmodzi mwa okalamba aja anafotokozera a Gelesomu kuti galimoto imene inabweretsa maliro inakana mchenga, n'kuwatsitsa pamenepo kutangocha. Kumudzi sankadziwa kuti afika. Foni kumeneko sigwira, akabaza onse anali ku msika wa tsikulo, ndipo panalibe wa miyendo yoti akaitane ngolo. Dzuwa linali likukwera, ndipo thupi silidikira mwezi umenewo.

Wokalambayo anayang'ana njinga. Onse anayang'ana njinga.

"Pepani kwambiri, bambo," anatero a Gelesomu, chisoti chili m'manja. "Njinga iyi siyenda pa mchenga."

Kiyi anali pa njinga. Ndinamuzula, n'kutsegula bokosi la kumanzere. Khasu linali momwemo, litachita dzimbiri pang'ono, litakulungidwa m'chitenje chimene ndinali nditachiiwala maluwa ake. Ndinalimanga m'chiuno pamodzi ndi chiphaso. Ndinagulula mabokosi onse atatu, n'kuwaika pakhonde. Popanda iwo njingayo inaoneka yowonda m'chiuno, ngati munthu wovula jekete. Ndinatsegula mpando n'kuzula kafyuzi, kiyi n'kumubwezera pamalo pake kuti handulo imasuke. Kenako ndinatola kamtengo, ndinagwada pa tayala, mpweya n'kuyamba kulira.

"Mayi, mukutani?"

"Ndikuviika chimanga."

"Muononga matayala. Mayi, pamaso pa anthu."

"Gwirani handulo, bambo. Tisanadutse masamba sindingalize."

Anagwira. Pamaliro munthu sakangana ndi mkazi wake, ndipo a Gelesomu anali munthu waulemu. Tinaikankha kuchoka pa tala, kudutsa masamba amene anayalidwa pakamwa pa msewu wa kwathu. Matayala atangolawa mchenga, njinga inalemera kawiri.

"Njira ya kudambo inasintha," anatero Dolika kumbuyo kwanga. "Simungaidziwe." Anakwinya chitenje chake, n'kukwera pa mpando wakumbuyo osapempha.

Ndinakhala kutsogolo. Mapazi anga onse awiri anaponda pansi, athunthu. A Gelesomu anayang'ana mapaziwo, kenako mpando, kenako mawondo awo.

Injini ndinali nditaimva zaka zinayi kudzera pamsana wa munthu wina. M'manja inali ina. Ndinasiya kilachi, njinga inalumpha, handulo inayamba kuvina ngati ifuna kundithawa. Chilichonse m'thupi mwanga chinkati tseka moto. Ndinaika giya yachiwiri, n'kuyang'ana mtengo wa mlambe umene unali kutali. Galasi lotchinga mphepo linali lokalika ndi zaka, ndipo kudzera m'menemo tchire la kwathu linkaoneka ngati lili pansi pa madzi. Ndinadina batani, galasi linatsika, mphepo yotentha inandimenya kumaso kwa nthawi yoyamba.

"Mpando uwu ndi wofewa," anakuwa Dolika m'khutu langa.

"Usauzolowere."

Tinagwa pa dambo, pomwe mchenga unali wakuya mpaka mu akakolo. Ndinayang'ana tayala, ndipo linakumba monga ananenera a Jailosi. Palibe anavulala. Dolika anadzuka akulavula mchenga.

"Basitu. Tiyende wapansi."

Ndinaifulatira njinga, ndinaika matako pa mpando, ndinayenda timasitepe ta nkhuku. Itaima, Dolika anandiyang'ana monga anandiyang'anira mayi Nabiyeni.

"Ku Joni amaphunzitsa zimenezi?"

"Ku Joni sindinafikeko. Kwera."

Tisanalowe m'mudzi msewu umadutsa m'mphepete mwa munda wa mayi. Sindinafune kuyang'ana, koma maso anali kutali monga ndinaphunzirira, ndipo kutaliko kunali mundawo. Theka la kumtunda linali ndi mizere yatsopano, yowongoka bwino. Theka la kumunsi linali thengo.

"Ndinaunda tisanapite ku chipatala," anatero Dolika. "Mizere sadikira nayo mvula."

"Mvula sinagwe."

"Sinagwe. Koma amene ankawerenga mvula ali pa khonde la golosale."

Ndinazimitsa injini pa mtengo wa mango wa pabwalo, chifukwa m'mudzi wa maliro sulowa ndi phokoso. Ngolo inanyamuka nthawi yomweyo. Inabwerera kutada kale, anthu akuimba pambuyo pake, ndipo pakati pawo panali a Gelesomu, wapansi, nsapato zodzaza mchenga.

Tinaika malume mawa lake. Tsiku lometa, abale atakhala pansi kukamba zotsala, nkhani ya munda inatuluka. Ena anati mawu a malemu ndi mawu, mvula yachisanu sinagwe, munda ndi wanga wonse. Ena anati amene anasamalira wodwala milungu isanu ndi amene anaunda mizere asachoke chimanjamanja. Anandifunsa. Ndinayang'ana manja a Dolika, ndinayang'ana anga, amene anali ndi zipsera za matayala koma opanda chithuza chimodzi cha khasu.

"Mizere ndi ya amene anaunda," ndinatero. "Thengo ndi langa."

Zaka zinayi pa mpando wofewa zinandidyera theka la munda. Ndinaona kuti mtengo wake ndi woyenera.

M'nyumba ya malume ndinapezamo mipini itatu yosemasema. Umodzi unalowa khasu la mayi ngati unkalidikira. M'mawa mwake kumwamba kunali kwakuda mbali ya kum'mawa, mphepo ikununkha dothi. Ndikutuluka ndinapeza a Gelesomu pa mtengo wa mango, akuzungulira njinga, akudina matayala ofewa ndi chala.

"Mayi, kiyi."

Ndinavula chingwe m'khosi n'kuwapatsa. Anakwera, analiza, anayenda bwinobwino pa nthaka yolimba ya pabwalo mpaka pomwe msewu woyera umayambira. Pamenepo anaima. Anayang'ana tayala lakutsogolo nthawi yaitali, injini ikung'ung'udza. Kenako anazimitsa, n'kuibweza chokankha mpaka pa mthunzi.

"Mungaitulutse ndinu," anatero. "Mukangondifikitsira pa tala. Chigayo chija chikudikira, ndi mabokosi ali kwa eni golosale."

"Ndimalize munda umenewu kaye."

Dontho loyamba linagwa pa thanki, lachiwiri pa galasi. Ana a m'mudzi anali atayamba kale kuyandikira, wina akudziyang'anira, wina akufuna kudina batani. A Gelesomu anawathamangitsa ndi dzanja, anabweranso, anawathamangitsanso. Kenako anakhala pansi pa muzu wa mango, kiyi ali m'manja.

Ndinaika khasu paphewa.

"Mulondere njinga," ndinatero, "ndikubwera."